Mtsempha watseguka, nanga dzanjali?

Anthu awiri akhoza kugwidwa sitiroko m'mawa umodzi, mtsempha womwewo wa mu ubongo utatsekeka pamalo omwewo, onse n'kufika kuchipatala nthawi yofanana. Ikatha miyezi itatu, wina akusamba yekha ndipo wabwerera ku ntchito, pomwe mnzake uja akudikirabe kuti munthu abwere adzamutembenuze pabedi. Ine ndimagwira ntchito ya mafizo, ndiye onse awiri amadutsa m'manja mwanga, ndipo achibale awo amafunsa zofanana: adzayendanso? Dzanjali lidzagwiranso? Ambiri amabwera ndi lipoti la sikani lodzaza ndi zilembo zachidule ndi manambala, ali ndi chikhulupiriro choti yankho lili m'menemo. Gawo lina la yankho lilimodi, ndipo ndi lalikulu kuposa momwe ife a mafizo timafunira kuvomereza. Koma ndi gawo chabe, ndipo n'kofunika kudziwa kuti ndi gawo liti.

Ndikukamba za sitiroko yobwera chifukwa choti mtsempha watsekeka, osati ya mtsempha wophulika. Yotsekekayi ndiyo yochuluka. Magazi amaundana n'kupanga kachibulumwa, kaya mumtima, kaya pamalo pomwe khoma la mtsempha wa m'khosi lakhuthala ndi mafuta. Kachibulumwako kamathothoka, n'kuyenda ndi magazi mpaka kukakanirira pomwe mtsempha wachepa. Mbali ya ubongo yomwe imadalira mtsempha umenewo imayamba kusowa mpweya ndi chakudya nthawi yomweyo, poti ubongo susunga zamawa.

Mu 2006, dokotala wa ku Los Angeles, Jeffrey Saver, adawerengetsa kuti mtsempha waukulu ukatsekeka, munthu amataya maselo a ubongo pafupifupi 1.9 miliyoni pa mphindi iliyonse. Nambala imeneyi siphonya kutchulidwa pa maphunziro a sitiroko, ndipo ntchito yake yothamangitsa anthu imaigwira bwino. Komatu ndi nambala yophatikiza odwala ambiri n'kugawa. Alipo ena amene ubongo wawo umawonongeka mwaliwiro kuposa pamenepa, moti ola lisanathe zambiri zatha kale. Aliponso ena amene amatha usiku wonse mtsempha uli chitsekekere, koma akawajambula gawo lomwe lafa likadali laling'ono. Kusiyana kumeneku ndiko kudanditengera ku nkhani ya mitsempha.

Ubongo wathanzi umalandira magazi okwana mamililita pafupifupi 50 pa magalamu 100 alionse a ubongo pa mphindi. Magazi akatsika kufika cha m'ma 20, maselo amangokhala duu, satumiza uthenga, koma amakhala akadali ndi moyo. Akatsika kufika cha m'ma 10, maselo amayamba kufa. Mu 1981, Jens Astrup, Bo Siesjö ndi Lindsay Symon adafotokoza bwino za chigawo chokhala duu chija, chomwe madokotala amachitcha penumbra. Chimazungulira phata lomwe lafa kale. Tsono wodwala ukamuona pakamwa papotoka, mkono uli lende, mawu osatuluka, sungadziwe kuti wachititsa zimenezi ndi maselo akufa kapena ongokhala duu, chifukwa onse sagwira ntchito. Munthu wooneka kuti zake zada akhoza kukhala ndi ubongo wambiri woti n'kupulumutsidwa.

Nanga maselo okhala duu aja amakhala bwanji ndi moyo pomwe mtsempha wawo watsekeka? Msewu waukulu ukatsekedwa, anthu amapatukira m'tinjira tam'mbali. Magazi nawonso amatero. Pansi pa ubongo pali mitsempha yolumikizana mozungulira, yomwe Thomas Willis adailongosola m'buku lake la mu 1664, zithunzi zake atajambula Christopher Wren, yemwe uja adadzatchuka ndi kumanga matchalitchi a mu London. Anthu oposa theka alibe mzunguliro wathunthu ngati wa m'mabuku, wina kachigawo aka n'kopyapyala, wina ako kulibiretu. Pamwamba pa ubongo palinso timitsempha ting'onoting'ono tolumikiza nsonga za mitsempha ikuluikulu, ndipo mtsempha umodzi ukatsekeka, magazi amatha kulowera kunsongako n'kumayenda chobwerera kupita ku mbali yovutikayo. Madokotala amati ma collateral. Amene ali ndi tinjira tambiri totakasuka amagula nthawi. Amene ali ndi tochepa, penumbra yake imasanduka phata lakufa mofulumira. Zina mwa izi munthu amabadwa nazo, koma tinjirati timakonda kupezeka tofooka mwa okalamba ndi mwa amene akhala nthawi yaitali ndi BP yokwera kapena shuga.

Ngati mutandifunsa chizindikiro chimodzi cha pa sikani chimene ndimayamba kufunafuna mu lipoti, ndi chimenechi. Wodwala wa ma collateral abwino nthawi zambiri amakhala ndi bala laling'ono mu ubongo, mankhwala amamugwira bwino, ndipo mwayi woti magazi akhe mu ubongo atatsegula mtsempha umachepa. Chimandidabwitsa n'choti zonsezi zidakonzeka sitiroko isanabwere, mwini wake osadziwa kanthu.

Kuona mitsempha ya mu ubongo wa munthu wamoyo si nkhani yamakedzana. Egas Moniz wa ku Lisbon ndiye adayamba mu 1927, pobaya mankhwala ooneka pa X-ray mu mtsempha wa m'khosi. Makina a CT, ojambula mkati mwa thupi ndi X-ray, a Godfrey Hounsfield adajambula wodwala woyamba ku London mu 1971. Masiku ano wodwala akangofika amamulowetsa mu CT asanamubaye chilichonse, ndipo funso loyamba ndi lakuti kodi muli magazi okha kapena ayi, chifukwa kupatsa mankhwala osungunula magazi munthu amene mtsempha wake waphulika n'kumupha. Pa sikani yoyambayi nthawi zina mtsempha wotsekekawo umaoneka woyera mbee kuposa mnzake wa mbali inayo. Chimenecho ndi chibulumwa chenichenicho chikuonekera. Pomwepanso amawerengera ASPECTS, njira yomwe madokotala a ku Calgary adaifalitsa mu 2000: dera lodyetsedwa ndi mtsempha wapakati wa ubongo amaligawa magawo 10, ndipo gawo lililonse looneka kuti layamba kuwonongeka limachotsa 1. Wopeza 10 ndiye kuti palibe chaoneka, wopeza 3 ndiye kuti zambiri zapita.

Kenako amabaya mankhwala okhala ndi ayodini pa mkono n'kujambulanso, ndipo apa mitsempha imawala yonse. Pamaoneka pomwe magazi alekera, kutalika kwa chibulumwa, ndi kuchuluka kwa timitsempha todzaza kuseri kwa potsekeka paja. Zipatala zina zimajambula katatu motsatizana, kusiyanitsa masekondi ochepa, kuti ziwone ngati tinjira tam'mbali tikudzaza msanga kapena mochedwa. Kutalika kwa chibulumwa nakonso kuli ndi mawu. Ofufuza a ku Kiel ku Germany adapeza mu 2011 kuti chibulumwa chikapitirira mamilimita 8, mankhwala osungunula magazi operekedwa mu diripi pawokha sachisungunula kwenikweni. Mamilimita 8 n'kanthu kosakwana ngakhale sentimita imodzi, koma kangathe kulanda munthu chilankhulo.

Kwa zaka zambiri, mfumu inali wotchi. Kafukufuku wa ku America wa mu 1995 adaonetsa kuti mankhwala osungunula chibulumwa otchedwa alteplase amathandiza akaperekedwa maola atatu asanathe, ndipo wa ku Ulaya wa mu 2008 adakankhira malirewo pa maola anayi ndi theka. Wochedwa ankangouzidwa kuti wachedwa. Wodzuka m'mawa ali wolumala kale, osadziwa kuti zayamba ola liti, naye ankagwera m'gulu lomwelo. Zinthu zidatembenuka mu 2015, pomwe kafukufuku wa MR CLEAN wa ku Netherlands ndi ena anayi adatsimikiza kuti kukoka chibulumwa ndi kachipangizo kumathandiza. Amalowetsa kachubu pa mtsempha wa m'mphechepeche kapena wa pamkono, n'kukakwezera mpaka m'mutu, kenako n'kuyamwa chibulumwacho kapena kuchikola ndi kawaya kolukanalukana. Ataphatikiza zotsatira za akafukufuku asanuwo mu 2016, adapeza kuti odwala 46 mwa 100 alionse okokedwa chibulumwa ankadzidalira okha patatha masiku 90, pomwe mwa osakokedwa anali pafupifupi 27.

Pambuyo pake sikani idalanda mpando wa wotchi. Kafukufuku wa DAWN, yemwe adafalitsidwa mu 2018, adatenga odwala omwe panali patadutsa maola 6 mpaka 24, koma okhawo amene zizindikiro zawo zinali zazikulu pomwe phata lakufa pa sikani linali laling'ono. Mwa okokedwa chibulumwa, 49 mwa 100 adadzidalira. Mwa enawo, 13 okha. Chaka chomwecho kafukufuku wa DEFUSE 3 adapeza zofananira kwa odwala a maola 6 mpaka 16, ndipo wa WAKE-UP adaonetsa kuti pofananiza zithunzi za mitundu iwiri za MRI, sikani yogwiritsa ntchito maginito, ungathe kuzindikira wodzuka ndi sitiroko amene bala lake ndi latsopano, woti angathe kupatsidwabe alteplase. Ukayang'anitsitsa, anthu amene DAWN idawasankha ndi a tinjira tabwino aja. Ndi okhawo amene angafike ola la 20 akadali ndi choti n'kupulumutsa. Pasapezeke wina womva izi n'kuganiza kuti ndiye palibe chothamangira. Palibe amene amadziwa mtundu wa timitsempha take ali kunyumba, ndipo ngakhale tabwino timatopa maola akamapita. Pakamwa pakapotoka, mkono ukalemera, mawu akasokonekera, ndi wakuchipatala nthawi yomweyo.

Mpaka apa sikani ndi ngwazi, ndipo sinditsutsa. Vuto limayamba mtsempha ukatseguka.

Dokotala akamaliza kukoka chibulumwa amajambula komaliza n'kupereka giredi ya TICI, kuyambira 0 pomwe magazi sakudutsa n'komwe mpaka 3 pomwe dera lonse ladzazanso. Giredi ya 2b kapena 3 imawerengedwa kuti ntchito yatheka. Achibale amauzidwa kuti mtsempha watseguka, ndipo amamva ngati auzidwa kuti wachira. Komatu pafupifupi theka la odwala amene mtsempha wawo udatseguka bwino sakhala odzidalira pakatha masiku 90. Zifukwa n'zambiri. Kwa ena maselo adafa kale magazi asanabwerere. Kwa ena mtsempha waukulu watseguka koma timitsempha tosaoneka ndi maso takana kudutsitsa magazi. Ena ubongo umatupa, ena magazi amakha pa bala. Ndiye pali zina zoti sizikhudzana ndi mtsempha n'komwe, monga chibayo chobwera chifukwa chotsamwa chakudya munthu akulephera kumeza, zilonda za pabedi, ndi matenda a maganizo omwe amachititsa munthu kukana kudzuka kuti tiyambe mafizo. Izi ndimaziona ndi maso, ndipo palibe sikani ya tsiku loyamba imene imazijambula.

Pali zizindikiro zina pa MRI zimene anthu sazilabadira chifukwa si za sitiroko ya lero. Mkati mwa ubongo wa anthu ambiri achikulire mumaoneka mawanga oyera, ndipo madokotala amawapatsa giredi potsatira njira ya Franz Fazekas ya mu 1987. Pamakhalanso timadontho takuda, pomwe timitsempha tidadonthapo magazi kalekale mwini wake osamva kanthu. Zonsezi zimasonyeza kuti timitsempha ting'onoting'ono takhala tikuvutika kwa zaka, kawirikawiri chifukwa cha BP. Munthu wa mawanga ambiri amakonda kuchira pang'onopang'ono, amavutika kusunga zomwe taphunzira dzulo, ndiponso amadzandira kwambiri poyenda. Kuchira pa sitiroko kwenikweni n'kuphunzira. Maselo akufa sadzuka, koma otsala amalumikizana mwatsopano n'kutenga ntchito ya anzawo. Choncho funso si lakuti kwafa zochuluka bwanji lokha. Tiyeneranso kufunsa kuti zotsalazo zili bwanji. Kwa ine wa mafizo, mzere wonena za mawanga oyera, womwe umakhala kumapeto kwa lipoti ngati wongowonjezera, umandiuza zambiri za momwe ndingakonzere maphunziro kuposa giredi ya TICI.

Malo nawonso amaposa kukula. M'ma 1960, C. Miller Fisher wa ku Boston adalongosola timabala ting'onoting'ono ta mkati mwenimweni mwa ubongo, tobwera kamtsempha kamodzi kopyapyala kakatsekeka. Kabala kotere sikapitirira sentimita imodzi ndi theka, ndipo pa sikani ya mitsempha ikuluikulu zonse zimaoneka bwinobwino. Koma kakagwera pa internal capsule, pomwe minyewa yonyamula mauthenga kupita ku nkhope, mkono ndi mwendo imadutsa mothithikana, mbali yonse ya thupi imafa. Pomwe bala lalikulu kuposa pamenepo likagwera malo ena, munthu amatuluka m'chipatala akuyenda yekha.

Tikamati wachira, tikutanthauzanso chiyani? Manambala onse ndatchula aja amayezedwa ndi sikelo yochokera kwa John Rankin wa ku Glasgow, yemwe adailemba mu 1957, ena n'kudzaikonza pambuyo pake. Imayambira pa 0, wopanda vuto lililonse, kukathera pa 6, womwalira. Wopeza 0, 1 kapena 2 amawerengedwa kuti zamuyendera bwino. Giredi 2 ndi munthu wotha kudzisamalira yekha koma wosatha kuchita zonse zimene ankachita kale. Telala amene akuyenda ndi kusamba yekha koma zala zake zikukana kulowetsa ulusi mu singano ali m'gulu la opambana. Mphunzitsi amene mawu amamuthawa akaima kutsogolo kwa kalasi akhozanso kugwera momwemo. Pa kafukufuku wa anthu mazanamazana sikelo imeneyi ndi yothandiza, sindikana. Koma dokotala akanena kuti mwayi wochira bwino ndi waukulu, n'chanzeru kumufunsa kuti akunena kuyenda, kulankhula, kapena kubwerera ku ntchito, chifukwa zitatuzi sizibwerera limodzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chizindikiro chikasanduka chigamulo. Kwa zaka zingapo pambuyo pa 2015, wodwala wa ASPECTS yotsika, yosakwana 6, kawirikawiri sankakokedwa chibulumwa. Maganizo anali oti ubongo wafa kale wambiri, kutsegula mtsempha kungobweretsa kukha magazi. Odwala amenewa zinkawathera moipadi, ndipo aliyense ankati mwaona, sikani idanena. Kenako ofufuza a ku Japan adayesa pa odwala a ASPECTS ya 3 mpaka 5, n'kufalitsa zotsatira mu 2022. Mwa okokedwa chibulumwa, 31 mwa 100 adafika pa giredi 0 mpaka 3 ya Rankin, kutanthauza kuti ankatha kuyenda popanda wowagwira, pomwe mwa osakokedwa anali pafupifupi 13. Mu 2023, kafukufuku wa SELECT2 ndi wa ANGEL-ASPECT wa ku China adapezanso phindu. Ambiri mwa odwalawa amatsalabe olumala, zimenezo n'zoona. Koma chizindikiro chonena kuti munthu uyu zimuvuta n'chosiyana ndi chonena kuti chithandizo sichimuthandiza, ndipo kwa zaka zingapo ziwirizi zidasokonezedwa. Ndikawona wodwala akupatsidwa mafizo ochepa chifukwa lipoti lake likuoneka loopsa, ndimaona chisokonezo chomwecho chikubwerezedwa ku mbali yathu, kungoti kuno palibe amene akuwerengera zotsatira zake.

Sikani ya mitsempha ilinso ndi ntchito ina imene achibale amaiiwala ali kalikiliki ndi za kuyenda, yomwe ndi kuchenjeza za sitiroko yachiwiri. Ikaonetsa kuti mtsempha wa m'khosi wa mbali yomwe yavutayo wachepa ndi 70 peresenti kapena kuposa, opaleshoni yochotsa mafutawo imateteza, monga kafukufuku wa NASCET adaonetsera mu 1991. Koma kuchepa kukakhala mkati mwa mutu, komwe kumapezeka kwambiri mwa anthu a ku Asia ndi anthu akuda, nkhani imasintha. Kafukufuku wa SAMMPRIS wa mu 2011 adafananiza kuika kachubu kotanula mtsempha ndi kungomwa mankhwala mwakhama. M'masiku 30 oyamba, 14.7 peresenti ya oikidwa kachubu adagwidwanso sitiroko kapena kumwalira, pomwe mwa a mankhwala okha anali 5.8 peresenti. Mtsempha wooneka wokongola pa chithunzi sudapulumutse anthu. Chidapambana ndi mankhwala oletsa magazi kuundana, otsitsa mafuta ndi BP, kusiya fodya ndi kuchita masewera olimbitsa thupi.

Pa funso la dzanja, njira imene ndimaikhulupirira kwambiri imayambira pabedi. Cathy Stinear ndi anzake a ku Auckland adakonza ndondomeko yolosera momwe mkono udzakhalire pakatha miyezi itatu, nthawi yomwe kuchira kochuluka kumachitika. M'masiku atatu oyamba umayeza zinthu ziwiri: mphamvu yotukula mkono chammbali kuchokera paphewa, ndi mphamvu yotambasula zala. Chilichonse chimapatsidwa 0 mpaka 5. Wopeza 5 kapena kuposa pophatikiza ziwirizi ali ndi mwayi wabwino, ndipo zaka zake zimathandiza kudziwa kuti wabwino motani. Wopeza zochepera amamuyeza ndi chipangizo cha maginito choikidwa pamutu, kuti aone ngati uthenga wochokera mu ubongo ukufikabe ku minofu ya mkono. Ukamafika, ngakhale mkono uli lende lero, chiyembekezo chilipo ndithu. Ndondomeko yawo yoyamba inkafunanso MRI kwa odwala amene uthenga sukufika. Ataikonzanso mu 2017 n'kuitcha PREP2, MRI ija adaichotsa, m'malo mwake n'kuikamo sikelo ya NIHSS, yosonyeza kukula kwa sitiroko, imene dokotala amayeza pabedi pomwepo.

PREP2 imalosera molondola kwa odwala atatu mwa anayi alionse. Eni ake sadaipange kuti isankhe woyenera mafizo ndi wosayenera, adaipanga kuti ithandize kusankha mafizo amtundu wanji. Wa mwayi waukulu timamukakamiza kugwiritsa ntchito dzanja lofookalo pa chilichonse, kumanga mabatani, kugwira kapu, kulemba, ndipo timaletsa dzanja labwino kulanda ntchitoyo. Amene uthenga sukufika n'komwe timateteza phewa lake kuti lisagweluke ndi kupweteka, timasunga mfundo kuti zisaume, ndipo timayamba msanga kumuphunzitsa kuvala, kudya ndi kusamba ndi dzanja linalo, kuti miyezi itatu ija isathe akungodikira. Ndipo poti mmodzi mwa anayi amatuluka mosiyana ndi zoloseredwa, phewa ndi zala zija timaziyezanso sabata yotsatira, ndi inayonso.